Mainjini a nthunzi a njanji zopapatiza ku Wales: polemba mbiri tigwire dzina, boila kapena felemu?

Sipanala17
Akuluakulu, pali nkhani imene yandizunguza mutu. Mukatenga mndandanda wa mainjini a nthunzi a Ffestiniog Railway ku Wales, injini iliyonse aipatsa chaka chimodzi basi: Prince 1863, Merddin Emrys 1879, Linda 1893. Koma mukafufuza bwino mupeza kuti boila inasinthidwa kangapo, mathanki ndi ena, pena ngakhale mawilo anaonjezeredwa. Maina nawo akubwerezedwa. Pali Mountaineer ziwiri, James Spooner ziwiri, ndipo dzina la Taliesin lakhalapo pa mainjini atatu. Ndiye munthu wofuna kulemba mbiri yolondola ya injini imodzi agwire chiyani?

Chitsulo_cha_Njanji
Gwirani felemu, kutanthauza mafupa achitsulo onyamula boila ndi kugwira mawilo, ndi nambala ya fakitale, achimwene. Dzina ndi malaya, amavula n'kuveka wina. Onani injini imene inamangidwa ku Boston Lodge, galaja ya njanjiyo, n'kupatsidwa dzina la Livingston Thompson. Mu 1932 anaitcha Taliesin, chifukwa Taliesin yoyamba ya 1876 inali itatha ntchito. Mu 1961 anaisinthanso, inakhala Earl of Merioneth. Itaima mu 1971, dzinalo linasamukira pa injini yatsopano imene inatuluka mu 1979, ndipo yakaleyo inabwezeredwa dzina lake loyamba n'kupita kukaonetsedwa ku National Railway Museum ku York. Wotsata dzina alemba mainjini atatu pamene ilipo imodzi, kapena aphatikiza ziwiri zosiyana.

Nambala ya fakitale imakhala pa kapuleti ka mkuwa m'mbali mwa injini, koma kapuleti kamamasuka ndi mabawuti ochepa chabe. Funani nambala yodindidwa pa chitsulo chenicheni: pa felemu, pa ndodo zolumikiza mawilo, pa zitsulo za mavalavu.

Kamnjira
Za Mountaineer n'zosavuta. Yoyamba inali imodzi mwa mainjini anayi aang'ono a George England amene anafika mu 1863 ndi 1864, ndipo inaphwasulidwa mu 1879. Yachiwiri ndi ya fakitale ya Alco ya ku America, 2-6-2T (mawilo awiri otsogolera, asanu ndi limodzi okoka, awiri kumbuyo, ndipo T ikutanthauza kuti madzi imanyamula m'mathanki ake), yomangidwa mu 1916 kuti ikagwire ntchito pa tinjanji ta asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Inatsalira ku France, inakoka katundu pa njanji ya Pithiviers, inafika ku Wales mu 1967. Palibe ubale uliwonse kupatula dzinalo.

NaPhiri_wa_Mabogi
A Chitsulo, lamulo lanu la felemu likugwira pa injini wamba, koma pa Fairlie likugwa. Ndiyambe ndi mawu, kuti tisasokonezane. Ife tikati bogi timatanthauza ngolo yonse yokwera anthu. M'mabuku a njanji, bogie ndi kangolo ka mawilo kamene kamatembenuka pansi pa injini kapena pansi pa ngolo. Ndikanena kangolo ndikunena kameneko.

Fairlie ya mitu iwiri, monga Merddin Emrys, ili ndi boila imodzi yaitali, ng'anjo pakati, chumuni uku ndi uku. Pansi pake pali tingolo tiwiri, kalikonse ndi masilinda ake awiri ndi mawilo anayi. Dalaivala amaima mbali imodzi ya boila, wothira malasha mbali inayo. Anaipanga chomwecho chifukwa njanji ya makilomita pafupifupi 22 yochokera ku Porthmadog kukwera ku Blaenau Ffestiniog ili ndi makona othina, ndipo mainjini aang'ono a George England sankatha kukoka ngolo zonse zopanda katundu zobwerera kumigodi ya masileti. Little Wonder ya 1869 ndiyo inaonetsa kuti njira imeneyi ndi yotheka.

Tsono tingolo timeneti timachoka. Mumamasula mapaipi a nthunzi, mumakweza boila ndi majeki, mumakankha kangolo n'kutuluka. Ku Boston Lodge takhala tikusamutsidwa kuchoka pansi pa injini ina kupita pansi pa inzake. Earl of Merioneth ya 1979 inayamba ntchito itakhala pa tingolo tochokera ku Livingston Thompson. Ndiye felemu imene mukuti tigwireyo ndi iti? Ya kangolo ka kutsogolo, ka kumbuyo, kapena imene yanyamula boila?

Chitsulo_cha_Njanji
Mwandigwira pamenepo, mayi. Pa Fairlie ndivomera kuti mbiri iyenera kukhala m'mizere iwiri, wa kumtunda ndi wa tingolo. Koma boila yokha musaiyese maziko a mbiri, zimenezo ndikana.

MalashaOuma
Pa boila ndili mbali ya a Chitsulo. Boila ndi chinthu chotha, ngati mphika wa pamoto. Chimene chimaidya n'chodziwika. Madzi akamawira amasiya nyansi zolimba pa zitsulo za ng'anjo ndi pa mapaipi a moto. Nyansizo zimatchinga madzi kuti asaziziritse chitsulo, chitsulo chimapsa, chimafewa, chimayamba kutupa pakati pa mabawuti amene amagwira khoma la mkati la ng'anjo ku khoma la kunja. Mabawuti amenewa, ma stay, amathyoka chifukwa khoma la mkati limatentha ndi kufutukuka kuposa la kunja tsiku lililonse moto ukayatsidwa. Kuyatsa moto mwaphuma pa boila yozizira n'kumene kumawathyola msanga, n'chifukwa chake amayatsa kamoto kakang'ono dzulo lake kuti chitsulo chifunde pang'onopang'ono.

Ku Britain chizolowezi n'chakuti boila imayenderedwa chaka chilichonse, ili yozizira kenako ili ndi nthunzi, ndipo pakatha zaka pafupifupi 10 imaphwasulidwa yonse. Ntchito yake imayenda motere. Amachotsa mathanki, kanyumba ka dalaivala ndi zofunda zonse za boila. Amaikweza kuichotsa pa felemu. Amatulutsa mapaipi onse a moto kuti woyendera aone mkati. Amayeza kukhuthala kwa chitsulo ndi makina a ultrasound, makamaka m'munsi mwa ng'anjo momwe matope amakhazikika. Ma stay amawagogoda ndi hamala limodzi limodzi, lothyoka limamveka mawu ogontha. Zitsekerero za mtovu za padenga la ng'anjo amaika zatsopano, chifukwa ndizo zimasungunuka n'kuchenjeza madzi akatsika kwambiri. Akatha kukonza amadzaza boila ndi madzi n'kupopa mpaka mphamvu ipose ya ntchito, kawirikawiri ndi theka lina pamwamba ngati boila ndi yatsopano kapena yakonzedwa kwambiri. Ikapirira popanda kudontha, m'pamene amayatsa moto n'kutchera mavalavu otulutsa nthunzi ikachuluka.

Ikafika poti zigamba zachuluka, kugula yatsopano kumatchipa kuposa kukonza. Merddin Emrys inalandira boila ina mu 1970. Prince inabwerera pa ntchito mu 1955 chifukwa kampani yakale inali itagula kale boila yatsopano njanji isanatsekedwe mu 1946.

Sipanala17
Ndiye boila ya mapaundi 180 amaipopa kufika pati? Nanga bwanji madzi, osati mpweya?

MalashaOuma
Mapaundi 270 pa sikweya inchi. Madzi sapanikizika, ndiye msoko ukang'ambika mphamvu imagwa nthawi yomweyo, mumangoona madzi akuchucha. Mpweya kapena nthunzi zimasunga mphamvu yambiri, zikapeza pong'ambika zimaphulitsa. Podzaza onetsetsani kuti mpweya wonse watuluka pamwamba, ndipo madzi akhale ofunda pang'ono, chifukwa chitsulo chozizira kwambiri sichipirira bwino kukokedwa.

WaKuDondo
Ndionjezere chenjezo lina: mabuku a kampani nawo amanama. Ku Vale of Rheidol, njanji yochokera ku Aberystwyth kupita ku Devil's Bridge, Great Western Railway inamanga mainjini awiri atsopano ku Swindon mu 1923, amene lero ndi nambala 7 ndi 8. Yachitatu, imene lero ndi nambala 9, inatuluka mu 1924, koma m'mabuku inalembedwa ngati injini yakale ya Davies & Metcalfe ya 1902 yongokonzedwa, ndipo inatenga nambala yake, 1213. Kwa zaka zambiri olemba ankabwereza kuti nambala 9 ndi ya 1902. Ofufuza atayerekeza zojambula ndi miyeso anapeza kuti ndi yatsopano, yofanana ndi zinzake ziwirizo. Nambala inasamuka, chitsulo ayi.

Gogo_Siteshoni
Ana anga, musaiwale Talyllyn, chifukwa kusunga njanji ndi anthu odzipereka kunayambira kumeneko mu 1951. Mpata wa njanji yake ndi mafiti 2 ndi mainchi 3, mamilimita 686. Kumeneko mbiri ndi yoongoka kuposa kwina. Mainjini awiri oyambirira a Fletcher, Jennings a ku Whitehaven, Talyllyn ya 1864 ndi Dolgoch ya 1866, sanachokepo pa mndandanda. Komabe nambala 1 inabwera ili 0-4-0, inkadumphadumpha chifukwa ng'anjo inali italendewera kumbuyo kwa mawilo, ndipo patangopita zaka zochepa anaiikira mawilo awiri kumbuyo n'kukhala 0-4-2.

Mu 1951 Dolgoch yokha ndiyo inkayenda. Anagula mainjini awiri a Corris Railway, imene inatsekedwa mu 1948 ndipo inali ndi mpata womwewo: Sir Haydn ya 1878 yochokera ku Loughborough, ndi Edward Thomas ya Kerr Stuart ya 1921. Pa pepala zonse zinali zogwirizana. Koma Sir Haydn itaikidwa panjanji inkagwera pakati. Njanji ya Talyllyn inali yotakasuka pang'ono kuposa mpata wolembedwa, mitanda inali yowola, ndipo mikombero ya mawilo a Sir Haydn inali yopapatiza. Mawilo a mainjini akale aja anali otambalala, ankakhalabe pamwamba. Inadikira mpaka njanji itakonzedwa.

Nthunzi610
Poti tafika pa mainjini osamuka, nkhani yaikulu ndi ya Welsh Highland Railway, makilomita 40 kuchokera ku Caernarfon kukafika ku Porthmadog. Inamangidwanso chigawo chigawo kuyambira 1997 mpaka 2011, ili ndi zitunda za 1 pa 40 ndi makona okhotakhota pamwamba pa Beddgelert. Injini yotsala ya njanji yakaleyo, Russell ya Hunslet ya 1906, singakoke sitima yaitali pamenepo. Anatembenukira ku South Africa, kumene njanji za mafiti awiri za ku Natal ndi ya Port Elizabeth kupita ku Avontuur zinali zikusiya nthunzi.

Anatenga ma Garratt, mainjini a boila imodzi yokhala pakati pa zigawo ziwiri zokoka, a gulu la NG G16, 2-6-2+2-6-2. Olemba mbiri asunge magulu ake, chifukwa onse 34 sanachokere fakitale imodzi. Nambala 85 mpaka 88 ndi a Cockerill a ku Belgium, anayamba ntchito mu 1937. Nambala 109 mpaka 116 ndi a Beyer, Peacock a ku Manchester a 1939. Nambala 125 mpaka 131 ndi a fakitale yomweyo a 1951, ndipo 137 mpaka 143 ndi a 1958. Asanu ndi awiri a 1958 amenewa anaodedwa ndi kampani ya mgodi wa Tsumeb m'dziko limene lero ndi Namibia, koma njanji ya kumeneko itaganiziridwa zokuzidwa, South African Railways inawatenga n'kuwagawa ku Natal ndi ku njanji ya Avontuur. Omaliza, 149 mpaka 156, anamangidwa ndi Hunslet-Taylor ku South Africa komweko mu 1967 ndi 1968.

Miyeso yake: masilinda anayi a mainchi 12 kukula ndi 16 kutalika, mawilo okoka a mainchi 33, boila ya mapaundi 180, kulemera kopitirira matani 60. Ku Wales ayendapo 87, 130, 138 ndi 143.

Kamnjira
Kodi si 143 imene amati ndi Garratt yomaliza?

Nthunzi610
Yomaliza kumangidwa ndi Beyer, Peacock, inde. Yomaliza ya gulu lonse ayi, a Hunslet-Taylor aja anabwera pambuyo pake.

Ndipo Garratt ili ndi vuto lomwe a NaPhiri anena, moposa. Ili m'zigawo zitatu: injini ya kutsogolo yonyamula thanki ya madzi, ya kumbuyo yonyamula malasha, ndi felemu ya pakati yonyamula boila, yokhala pa mapivoti awiri. Chigawo chilichonse chikhoza kuchoka pachokha. Nambala 140 inafikanso ku Wales, ndipo ziwalo zake, boila yomwe, zathandiza kuti zinzake ziziyenda. Nambala 130 inayamba ntchito mu 2021 ndi boila yatsopano. Polemba, chigawo chilichonse chikhale ndi mzere wake.

Zimene zimavuta pa ntchito: mfundo zozungulira za mapaipi a nthunzi pa mapivoti zimadontha zikatha, ndipo madzi a m'thanki ya kutsogolo akachepa, kulemera kwa pa mawilo kumachepanso, injini ya kutsogoloyo imayamba kuterereka pa chitunda mvula ikagwa. Mchenga ukhale wouma, mapaipi ake osatsekeka.

Kamnjira
Mpata wa South Africa ndi mamilimita 610, wa Ffestiniog 597. Kusiyana kwa 13 basi. Si zongotsitsa padoko n'kuyendetsa?

NaPhiri_wa_Mabogi
Ayi ndithu. Muyeso wofunika si mpata wa njanji wokha, koma mtunda wa pakati pa misana ya mawilo awiri a pa ekiselo imodzi. Pa mphambano pali malo amene njanji imadukiza, ndipo wilo limawoloka bwino chifukwa kanjanji kotchinjiriza ka mbali inayo kagwira msana wa wilo linzake. Mawilo akatalikirana kwambiri, mlomo wa wilo umamenya nsonga ya mphambano. Akayandikana kwambiri, amapanikizika pa tinjanji totchinjiriza kapena kukwerapo, ndipo pa kona amasewera mopitirira.

Linda ndi chitsanzo. Inamangidwa ndi Hunslet mu 1893, limodzi ndi Blanche, kuti igwire ntchito pa njanji ya mgodi wa Penrhyn, ya mpata wa mamilimita 578. Kusiyana ndi Ffestiniog ndi 19. Inafika mu 1962, inayamba kukoka mawilo asanasinthidwe, ndipo chaka chomwecho inagwa panjanji. Anakonza mawilo, kenako anaipatsa ngolo ya malasha ndi madzi kumbuyo. Vuto lina linatsala: pokhala 0-4-0 yokhala ndi mphuno yaitali, inkapukusa mutu ikathamanga. Mu 1970 anaiikira mawilo awiri otsogolera n'kukhala 2-4-0, Blanche mu 1972. Mawilo otsogolerawo anachokera ku kangolo ka Moel Tryfan, Fairlie ya 1875 imene inali itaphwasulidwa kale. Choncho pansi pa injini ya 1893 pali chidutswa cha injini ya 1875.

Kusintha kwake kuli pawiri. Kusiyana kukakhala kochepa mumasintha mkombero wokha: watsopano amausema kuti bowo lake lichepe pang'ono poyerekeza ndi wilo, pafupifupi gawo limodzi pa 1,000, amautenthetsa ndi gasi mpaka utafutukuka, amauveka, ukazizira umagwira. Kukakhala kwakukulu mumatulutsa wilo pa ekiselo ndi makina opanikiza, kapena mumasema ekiselo ina. Ma NG G16 ali ndi felemu kunja kwa mawilo, ndiye kukuza mpata n'kovuta kuposa kuchepetsa. Puffing Billy ya ku Australia inakuza nambala 129 kufika pa mamilimita 762, ntchito ya zaka zambiri, inayenda mu 2019.

Nthunzi610
Onjezani msinkhu ndi m'lifupi. Ma Garratt amenewa sangakwere njanji ya Ffestiniog kupita ku Blaenau, sakwana pansi pa milatho ndi m'mapanga. Russell inadulidwa chumuni ndi kanyumba m'zaka za m'ma 1920 kuti ikwane, koma m'phanga la Moelwyn sinakwanebe. Mwa madizilo awiri a Funkey ochokera ku South Africa, Vale of Ffestiniog anachita kuimangira thupi lina lalifupi kuti izidutsa.

Limbe_Yard
Pepani ndipatuke pang'ono. Ambiri sadziwa kuti njanji yathu ya ku Malawi nayonso imawerengedwa yopapatiza. Ndi mafiti 3 ndi mainchi 6, mamilimita 1,067, pamene ya ku Britain yaikulu ndi 1,435. Ndipo tili ndi mainjini oyambirira a Shire Highlands Railway, opangidwa ndi Bagnall a ku Stafford: Thistle pa siteshoni ya Limbe ndi Shamrock ku nyumba yosungira zakale ku Chichiri. Injini yoima panja imaonongeka ndi zinthu zitatu. Mvula imalowa pa chumuni n'kusakanikirana ndi phulusa, asidi wake amadya pansi pa bokosi la utsi. Zofunda za boila zimasunga chinyezi, dzimbiri limadya mosaoneka. Zamkuwa zimabedwa. Chotsekera pa chumuni, denga la malata ndi girizi pa ndodo zimapulumutsa zambiri. Zofunda zakale zikhoza kukhala za asbestos, musazikhudze popanda akatswiri.

WaKuDondo
A Limbe, njanji ya mafiti awiri inalipo pafupi nafe. Beira Railway inayamba ndi mpata umenewo, inafika ku Umtali, lero Mutare, mu 1898, ndipo mu 1900 inakuzidwa kukhala mamilimita 1,067. Mainjini ake a 4-4-0 a Falcon a ku Loughborough anatsala opanda ntchito ali atsopano. Anthu amawatcha ma Lawley, potengera Alfred Lawley amene ankayang'anira ntchito yomanga njanjiyo. Ena anagulitsidwa kumigodi, kuminda ya nzimbe ndi kumacheka a matabwa. Mu 1915 okwana 13 anagulidwa n'kupita ku South Africa, kumene anadzakhala gulu la NG6 la South African Railways. Ndiye injini imodzi ikhoza kukhala ndi nambala ya Falcon, nambala ya Beira, nambala ya South Africa, ndi ina ya mwini womaliza. Ku Sandstone, ku Free State, kuli ma Lawley okonzedwa oyenda. Kumeneko kulinso ma NG G16A awiri, 141 ndi 155, amene Alfred County Railway inawasintha ng'anjo ndi chotulutsira utsi kuti azidya malasha ochepa. Mainjini ena a minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates ku Marromeu, m'mbali mwa Zambezi, anathera ku Sandstone komweko, ena ku Britain.

Sipanala17
Zikomo nonse, koma tibwerere ku Wales. Nanga mabogi okwera anthu? Pamenepo palibe boila.

NaPhiri_wa_Mabogi
Palibe boila, koma pali thupi la matabwa ndi felemu ya pansi, ndipo ziwirizi zimasiyana moyo. Nambala 15 ndi 16 a Ffestiniog anamangidwa ndi Brown, Marshalls a ku Birmingham mu 1872, ndipo ndiwo mabogi oyamba okwera anthu a pa tingolo kugwira ntchito ku Britain. Chawasunga ndi mafupa ake achitsulo. Tating'ono ta mawilo anayi ta m'zaka za m'ma 1860 tinapangidwa tatifupi kwambiri, anthu kukhala mofulatirana pamwamba pa mawilo, poopa kuti pa njanji yopapatiza tingagubuduke.

Thabwa limawola kuyambira m'munsi mwa mizati, pomwe madzi otsika pa zenera amasonkhana, ndi pomwe bawuti yachitsulo yadutsa mu thabwa la oak, chifukwa asidi wa mtengowo amadya chitsulo. Denga ndi matabwa okutidwa ndi chinsalu chopakidwa penti. Chinsalu chikang'ambika ndiye chiyambi cha zonse. Wokonza wabwino amadula gawo lowola lokha n'kulumikiza latsopano mopendeketsa, osati kusintha mzati wonse.

Gogo_Siteshoni
Ku Talyllyn mabogi anayi oyambirira ndi ngolo ya gadi zilipobe zonse. Zitseko zimatseguka mbali imodzi yokha. Woyendera wa boma, Captain Tyler, anapeza kuti milatho yodutsa pamwamba inali yothina, ndiye njanji inasunthidwira mbali imodzi pansi pa milathoyo ndipo zitseko za mbali yothina zinakhomedwa. Mpaka lero mapulatifomu onse ali mbali imodzi.

Welshpool & Llanfair, ya mamilimita 762, inalibe mwayi umenewo. Mainjini ake awiri a Beyer, Peacock a 1902, The Earl ndi Countess, anapulumuka, koma mabogi anaphwasulidwa sitima za anthu zitasiya mu 1931. Anachita kutenga a Zillertalbahn ya ku Austria mu 1968, ndipo mu 1975 anagula injini ya Hunslet nambala 85 ndi mabogi anayi ku Sierra Leone. Amene amaoneka ngati a 1903 lero ndi atsopano, omangidwa ku Boston Lodge motsanzira akale.

MalashaOuma
Pa katundu wosamuka lembaninso mabuleki ndi zokolera, chifukwa n'zimene zimasinthidwa poyamba. Ffestiniog ndi Welsh Highland zimagwiritsa mabuleki a vacuum, monganso South Africa, ndiye pamenepo panali mwayi. Talyllyn inasankha a mpweya wopopa, choncho mainjini ake ali ndi pampu imene sanabadwe nayo. Zokolera ziyenera kufanana mtundu ndi msinkhu womwe. Chimodzi chikakwera kuposa chinzake, pokankha sitima pa kona ngolo yopepuka imanyamuka.

Kamnjira
Nanga mafuta? Zithunzi zakale zimaonetsa ma Garratt a ku Wales opanda malasha.

MalashaOuma
Ffestiniog inatembenukira ku mafuta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 chifukwa cha moto wa m'nkhalango woyamba ndi nsakali za pa chumuni. Ma Garratt oyamba, 138 ndi 143, anayambanso ndi mafuta. Kusintha kwake: mumachotsa zitsulo zoyalapo malasha, mumayala njerwa za moto pansi pa ng'anjo, mumaika chopemerera mafuta ndi nthunzi, thanki imalowa m'malo mwa malasha. Mwaye umamatira m'mapaipi, ndiye amathira mchenga pang'ono pa khomo la ng'anjo injini ikukoka mwamphamvu kuti upale. Mafuta atakwera mtengo anabwerera ku malasha, ndi sefa yogwira nsakali m'bokosi la utsi. Mgodi wa Ffos-y-fran, umene unkapatsa njanji zimenezi malasha abwino, unatsekedwa mu 2023.

Chitsulo_cha_Njanji
K1 tisaidumphe. Ndiyo Garratt yoyamba pa dziko lonse, Beyer, Peacock 1909, nambala ya fakitale 5292, yopangidwira North East Dundas Tramway ku Tasmania. Ndi 0-4-0+0-4-0, ndipo nthunzi imagwira ntchito kawiri: imayamba m'masilinda aang'ono a kumbuyo, n'kudutsa m'paipi yaitali kupita ku aakulu a kutsogolo. Masilinda anayang'ana mkati, a kumbuyo ali pansi penipeni pa mapazi a dalaivala, kutentha kwake n'koopsa, ndipo ma Garratt otsatira anawatembenuzira kunja. Fakitale inaiombola mu 1947, Ffestiniog inaigula mu 1966, inakhala zaka ku York, kenako inakonzedwa ndi boila yatsopano. Koma imene inabwera kuchokera ku Tasmania inali yosakaniza ziwalo za K1 ndi za mnzake K2.

Gogo_Siteshoni
Ine mtima wanga suvomera kukonza chilichonse kuti chiyende. Welsh Pony ya 1867 inayendanso mu 2020 itaima zaka pafupifupi 80, koma ndi boila yatsopano ndi felemu yatsopano. Chitsulo chakale chikachotsedwa, umboni wa mmene amisiri akale ankagwirira ntchito umachoka nacho. Princess, imene inakoka sitima yomaliza mu 1946, sanaiyatsenso moto, ndipo ikhale chomwecho.

Nthunzi610
Agogo, Welsh Pony inali ikudyedwa ndi mphepo ya mchere itaima panja ku Porthmadog. Zambiri zimene mukuziliira zinali zitatha kale ndi dzimbiri. Pa Princess ndikugwirizana nanu.

Sipanala17
A Chitsulo, felemu ya Welsh Pony ndi yatsopano. Lamulo lanu lija likuti bwanji? Ndipo injini yotchedwa Tom Rolt ya ku Talyllyn ndilembe chaka chanji?

Chitsulo_cha_Njanji
Welsh Pony lembani 1867, kenako mzere wapadera wa 2020 wonena kuti felemu ndi boila zinasinthidwa, chifukwa njanji yomweyo inaikonza ngati injini yomweyo ndipo nambala yake, 5, sinapite kwina. Tom Rolt ndi yosiyana. Inamangidwa ku Pendre, galaja ya Talyllyn, n'kutuluka mu 1991 ili 0-4-2T, pogwiritsa boila, mawilo ndi masilinda a injini ya Andrew Barclay ya 1949, ya mpata wa mafiti atatu, imene inkagwira ntchito ku Bord na Móna ku Ireland. Maonekedwe ndi mpata ndi zina. Lembani 1991, ndipo 1949 ipite pa mzere wa ziwalo.